Ntchito ikatha: zomwe malamulo amanena pa notisi, severance ndi penshoni

Lachiwiri lapitali, mu minibasi yochokera ku Limbe kulowa m'tauni, abambo awiri anakangana kuyambira pa Maselema mpaka pa Ginnery Corner. Nkhani inali ya mlamu wa mmodzi wa iwo, mlonda, amene m'mawa wina akuweruka anauzidwa kuti asabwerenso. Anali atagwira zaka 12 pamalo amodzi.

"Achimwene, zaka zonsezo severance yake ndi yambiri. Akangopita ku leba, atola ndalama," anatero wa jekete uja.

"Ayi akulu, severance inatha kalekale. Masiku ano ndi penshoni basi," anayankha mnzake.

Mayi wina kumbuyo analowererapo: "Kodi anasainirana pepala? Ngati sanasaine asavutike, angotaya ya thiransipoti."

Abambo awiriwo aliyense ananena zoona pang'ono pa nkhani ya severance, ndalama yopepesera munthu amene ntchito yamuthera popanda vuto lake. Mayi aja ndiwo anaphonya, ngakhale kuti maganizo awowo ndi amene ali ndi anthu ambiri mu mzinda muno. Chimene chimasokoneza n'chakuti munthu ntchito ikamuthera timangoti "akalandire ndalama zake", ngati kuti ndi thumba limodzi. Malamulo amazigawa m'miphika yosiyana, ndipo mphika uliwonse umavundukulidwa ndi chifukwa chakechake.

Malamulo ake ndi ati

Timakonda kunena kuti "lamulo la leba" ngati buku limodzi, koma alipo angapo. Tsinde lake ndi gawo 31 la Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, lomwe limati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito motetezeka ndi mwachilungamo, kulandira malipiro oyenera, ndiponso kulowa bungwe la anthu apantchito. Mawu amenewa ndi ochepa, choncho Nyumba ya Malamulo inawatambasula m'malamulo ena. Employment Act ya 2000 imakamba za munthu mmodzi ndi abwana ake: kulembedwa, maola, tchuthi, malipiro, kuchotsedwa. Labour Relations Act ya 1996 imaona antchito ngati gulu: mayuniyoni, kukambirana malipiro, sitalaka, komanso kayendetsedwe ka khoti la nkhani za ntchito lotchedwa Industrial Relations Court, lomwe ambiri amangoti IRC. Kuvulala pantchito kuli ndi lamulo lake, Workers' Compensation Act ya 2000. Penshoni nayo ili ndi Pension Act, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2011 n'kulembedwanso mwatsopano mu 2023.

Asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende, Employment Act siiwakhudza. Ali ndi malamulo awo. Ena tonsefe tili momwemo, kaya wa m'boma, wa kufakitale ku Makata, wa m'sitolo ku Limbe, kapena wantchito wa m'nyumba ku Namiwawa.

Wantchito ndani? Pepala kapena zochitika?

Tiyambe ndi mayi aja. Lamulo limati mgwirizano wa ntchito, kontirakiti, ukhoza kukhala wolembedwa kapena wapakamwa. Munthu akakuuzani kuti "uyambe Lolemba, ndizikupatsa zakuti pamwezi", inu n'kuyambadi, mgwirizano wamangidwa. Udindo wolemba pepala uli kwa abwana. Amene ali ndi antchito asanu kapena kuposerapo ayenera kupatsa wantchito aliyense, mwezi usanathe chiyambireni ntchito, chikalata chonena tsiku loyambira, malipiro, maola ndi tchuthi. Akapanda kutero, wolakwa ndi iwo, ndipo wantchito sataya ufulu wake chifukwa cha ulesi wa abwana. Ubwino wa pepala ndi umboni chabe. Popanda pepala, mkangano wa "tinagwirizana zingati" umakhala wa mawu anu ndi mawu awo.

Funso lovuta kwenikweni ndi lina: kodi munthuyu ndi wantchito kapena ndi mmisiri wodziyimira payekha? Mukaitana pulambala wa ku Ndirande kudzakonza mpope, amabwera ndi zida zake, amatchula mtengo, akamaliza amapita kwa kasitomala wina. Ameneyo si wantchito wanu, ndipo sangakufunseni livi. Koma ngati munthu amafika pageti panu tsiku ndi tsiku nthawi yomwe mwamuuza inu, amagwiritsa zida zanu, amatsatira malangizo anu, ndipo nsima ya ana ake imachokera kwa inu nokha, lamulo limamuona ngati wantchito. Tanthauzo la wantchito mu Employment Act limatchula mfundo imeneyi mwachindunji: kudalira munthu wina pa chuma ndi kukhala womangika kumugwirira ntchito. N'chifukwa chake dzina loti "waganyu" silimaliza nkhani. Khoti limayang'ana zomwe zinkachitika, osati dzina lomwe abwana analemba m'buku.

Makontirakiti ali mitundu itatu. Pali wopanda tsiku lothera, umene timautcha ntchito yokhazikika. Pali wa nthawi yoikika, monga wa chaka chimodzi. Ndiye pali wa ntchito inayake, monga kumanga mpanda, umene umatha mpandawo ukatha. Wa nthawi yoikika ukafika tsiku lake umatha wokha, ndipo kumeneko si kuchotsedwa ntchito. Apa ndi pamene ena anaonapo mpata: kumusainitsa munthu kontirakiti ya miyezi itatu, ikatha ina, ikatha inanso, mpaka zaka zisanu. Lamulo linatseka mpata umenewu mu gawo 28. Ngati kontirakiti ya nthawi yoikika ikugwiritsidwa ntchito podzaza malo okhalitsa, a ntchito ya masiku onse ya kampaniyo, imawerengedwa ngati yokhazikika. Wogulitsa m'sitolo amene wasaina timakontirakiti 20 totsatizana ali ndi poyambira.

Pulobeshoni, nthawi yoyesedwa, lamulo limailola kwa antchito aluso ndipo isapitirire miyezi 12. M'nthawi imeneyi mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano popanda notisi.

Ntchito ili mkati

Maola a pasabata asapitirire 48 tisanawerengere ovataimu, ndipo munthu asagwire masiku oposa asanu ndi limodzi otsatizana popanda kupuma maola 24. Ovataimu ili ndi mitengo iwiri. Mukapitiriza maola pa tsiku lantchito, ola lililonse limalipidwa limodzi ndi theka. Ngati ola lanu ndi K1,000, ndiye kuti K1,500. Mukagwira pa tsiku lanu lopuma kapena pa holide ya boma, ola limalipidwa kawiri, K2,000.

Livi ya pachaka ndi masiku antchito osachepera 18 kwa ogwira masiku asanu ndi limodzi pasabata, ndi 15 kwa ogwira masiku asanu. Mukakwanitsa miyezi 12 pantchito, muli ndi tchuthi cha matenda cha masabata anayi a malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu a theka la malipiro pachaka, bola pakhale kalata ya kuchipatala. Mayi woyembekezera ali ndi masabata osachepera asanu ndi atatu a malipiro onse m'zaka zitatu zilizonse. Kusintha kwa lamulo kwa 2021 kunawonjezera abambo: masabata awiri, kamodzi m'zaka zitatu. Kusintha komweko ndi kumene kunaletsa utenanti wa m'maesiteti a fodya.

Malipiro otsikitsitsa amakhazikitsidwa ndi nduna ya za ntchito itakambirana ndi mabungwe a mbali zonse, omwe akuluakulu ake ndi Malawi Congress of Trade Unions kumbali ya antchito, ndi Employers' Consultative Association of Malawi kumbali ya olemba ntchito. Mu 2021 anali K50,000 pamwezi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, anakwera kufika K90,000 mu 2024, kenako K126,000 mu 2025. Antchito a m'nyumba ali ndi mlingo wawo wocheperapo. Mgwirizano wolandira zochepera mlingo wa boma sugwira, ngakhale wantchitoyo atavomera yekha chifukwa cha njala.

Nkhani yodula malipiro ndi imene imabweretsa phokoso kumapeto a mwezi. Abwana saloledwa kulipiritsa chindapusa, monga kunena kuti aliyense woyankha mwamwano adulidwa K5,000. Chomwe amaloledwa ndi kusalipira masiku omwe munajomba popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka, ndi kudula ndalama zobwezera katundu amene mwawononga. Ngongole za kuntchito ndi zina zotero, zonse pamodzi zisadye kuposa theka la malipiro. Chilichonse chodulidwa chiyenera kuoneka pa peyisilipu. Kapepala kameneka ambiri timakulungira mandasi, koma tsiku la mlandu ndi kamene kamayankhula.

Yuniyoni ndi sitalaka mwachidule

Wantchito ali ndi ufulu wolowa yuniyoni, ndipo kumuchotsa ntchito chifukwa cha zimenezo n'kulakwira lamulo. Yuniyoni ikakhala ndi mamembala okwana 20 peresenti ya antchito omwe ikufuna kuwayimira, abwana ayenera kukhala nayo pansi kukambirana.

Sitalaka ndi yololedwa, koma osati pa nkhani iliyonse. Lamulo limasiyanitsa mikangano iwiri. Ngati mukulimbirana chinthu chomwe lamulo kapena kontirakiti inakupatsani kale, monga ovataimu yosalipidwa, njira yake ndi ya kukhoti. Ngati mukufuna chinthu chatsopano, monga kukwezedwa malipiro, pamenepo sitalaka ndi yotheka, koma mkanganowo uyambe wakanenedwa ku unduna wa za ntchito, ayese kuyanjanitsa, zikakanika mupereke chidziwitso cha masiku asanu ndi awiri. Ogwira ntchito zomwe zikaima moyo wa anthu ungakhale pachiswe saloledwa kunyanyala. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inawonjezera kuti abwana akhoza kudula malipiro a masiku a sitalaka opitirira atatu pachaka. Mabungwe a antchito anakana kwamtuwagalu, ponena kuti zikufooketsa ufulu wonyanyala. Ochirikiza kusinthaku anati munthu sangalipidwe mpaka kalekale pa ntchito yomwe sakugwira. Lamulo linadutsa, ndipo ndi lomwe lilipo.

Kuchotsa munthu: njinga ya matayala awiri

Mtima wa nkhani yonseyi uli mu gawo 57 la Employment Act. Kuti kuchotsa munthu kukhale kwachilungamo pamafunika zinthu ziwiri, ngati matayala a njinga ya kabaza. Limodzi likaphwa, ulendo watha.

Tayala loyamba ndi chifukwa chomveka. Lamulo limavomereza magwero atatu okha a chifukwa: khalidwe la wantchito, monga kuba, kuledzera pantchito kapena kujomba; kuthekera kwake, ndiko kuti akulephera ntchitoyo; ndi zofunika za kayendetsedwe ka kampani, monga malonda kulowa pansi kapena makina kulowa m'malo mwa anthu. Chachitatuchi ndi chomwe timati kuchepetsa antchito, ndipo apa wantchito sanalakwe kanthu.

Tayala lachiwiri ndi mwayi wodziteteza. Ngati chifukwa chili cha khalidwe kapena kulephera ntchito, munthu asachotsedwe asanamvedwe. Kwa ife zimenezi si zachilendo. Kumudzi mfumu sigamula mlandu wa mbuzi yodya chimanga isanamve mwini mbuzi, ngakhale mbuziyo itagwidwa chimanga chili kukamwa. Kuntchito msonkhano umenewu umatchedwa hearing, ndipo makhoti athu akhala akufotokoza maonekedwe ake: munthu auzidwe mlandu wake momveka, apatsidwe nthawi yokonzekera, amve umboni womuneneza ndi kufunsa mafunso, ndipo wogamula asakhale yemweyo wodandaula. Kuitanidwa mu ofesi 8 koloko osadziwa chomwe mwaitanidwira, n'kupeza kalata yokuchotsani ili kale mu envulopu patebulo, si hearing imeneyo.

Olemba ntchito ambiri amagwa pa tayala lachiwirili. Amakhala ndi chifukwa chenicheni, katundu wasowadi, koma chifukwa cha mkwiyo amangoti "usadzapondenso pano". Mlandu ukafika kukhoti amadabwa akuuzidwa kuti analakwitsa. Antchito nawo amagwa pa tayala loyamba, poganiza kuti apolisi akawatulutsa kapena khoti la milandu ya upandu likawapeza osalakwa, ndiye kuti ntchito ibwerera yokha. Sizili choncho. Kuti munthu amangidwe pamafunika umboni wosasiya chikayiko, pomwe abwana amangofunika kusonyeza kuti atafufuza bwino ndi kumumva munthuyo, umboni unalemera kumbali yoti anachitadi.

Chinthu china chomwe ambiri sadziwa: pa mlandu wa kuchotsedwa ntchito, mtolo wopereka chifukwa uli pamutu pa abwana. Gawo 61 limati akalephera kupereka chifukwa, kuchotsako kumatengedwa kuti kunali kopanda chilungamo. Ayeneranso kusonyeza kuti anachita zinthu moyenera poganizira zonse. Munthu amene wagwira zaka 15 wopanda banga, n'kuchedwa tsiku limodzi chifukwa mvula yakokolola mlatho kwawo, chilango chake sichingafanane ndi cha wakuba. Pali zilango zocheperapo zomwe lamulo limazitchula: kalata yochenjeza, kuimitsidwa kwa kanthawi, kutsitsidwa paudindo.

Nanga summary dismissal, mawu omwe amaopsa anthu m'makalata? Tanthauzo lake ndi kuchotsedwa popanda notisi, pa zolakwa zazikulu: kupalamula koopsa, kunyalanyaza ntchito mobwerezabwereza, kukana dala malangizo oyenera, kujomba popanda chifukwa, kapena kusowa luso lomwe munanena kuti muli nalo. Chomwe chimachoka apa ndi notisi yokha. Mwayi womvedwa umakhalapobe.

Pali zifukwa zomwe lamulo linakaniratu kuti si zifukwa: mtundu wa munthu, khungu, chipembedzo, chipani, chilankhulo, ulumali, kukhala pabanja kapena ayi, kudwala kwa kanthawi, kukana kugwira pamalo poika moyo pachiswe, kuchita nawo sitalaka yovomerezeka, kapena kukadandaula za abwana. Kuchotsa mayi chifukwa ndi woyembekezera ndi mlandu pawokha, ndipo abwana ndi amene ayenera kutsimikiza kuti chifukwa chinali china.

Palinso kuchotsa kobisika. Abwana osakuuzani kuti chokani, koma kukulandani ntchito zonse, kusiya kukulipirani, kukunyozani pamaso pa anzanu, mpaka mutalemba kalata yosiya nokha. Gawo 60 limati ngati khalidwe la abwana lafika poti munthu sangayembekezeredwe kupitiriza, kusiyako kumawerengedwa ngati kuchotsedwa mopanda chilungamo. Akadaulo amati constructive dismissal. Koma apa mtolo wa umboni umatembenukira kwa wantchito, ndipo kungosemphana ndi supavaiza sikukwana. Amene akuganiza zoyenda njira imeneyi ayambe walemba madandaulo ake kwa abwana ndi kusunga kope.

Miphika ya ndalama

Tsopano tibwerere kwa abambo a mu minibasi.

Mphika woyamba ndi wa zomwe munagwirira kale: malipiro a masiku omwe mwagwira mwezi umenewo, ovataimu, ndi masiku a livi omwe simunapite. Izi ndi zanu mulimonse momwe ntchito yathera, ngakhale mutachotsedwa chifukwa cha kuba, ndipo ziyenera kulipidwa pasanathe masiku asanu ndi awiri. Mukapempha, abwana ayeneranso kukupatsani satifiketi yosonyeza nthawi yomwe munagwira ndi ntchito yomwe munkagwira.

Wachiwiri ndi notisi. Wolandira pamwezi, notisi yake ndi mwezi umodzi. Wolandira pasabata kapena patsiku notisi yake ndi yaifupi, koma imatalika zaka zikamachuluka, mpaka kufika mwezi kwa amene wakwanitsa zaka zisanu. Abwana akafuna kuti muchoke lero lomwe, amalipira ndalama za mwezi wa notisiwo. Lupangali ndi lakuthwa konsekonse: wantchito wochoka mwadzidzidzi popanda notisi nayenso ali ndi ngongole kwa abwana. Ndipo kulipira notisi sikufafaniza gawo 57. Abwana sangati "nayi ya mwezi wako, pita" popanda chifukwa, n'kuganiza kuti nkhani yatha.

Wachitatu ndi umene unakanganitsa abambo aja, severance allowance, ndalama yopepesera munthu amene ntchito yamuthera popanda vuto lake. Chaka cha 2010 chisanafike inkalipidwa m'njira zambiri zothera ntchito, ndipo olemba ntchito omwe anali kale ndi mathumba a penshoni ankadandaula kuti akulipira kawiri. Nyumba ya Malamulo inasintha Employment Act mu 2010 n'kubweretsa penshoni yokakamiza. Kuyambira pamenepo severance imalipidwa pa zifukwa ziwiri zokha: ntchito ikatha chifukwa cha kuchepetsa antchito kapena mavuto a kayendetsedwe ka kampani, ndiponso munthu akachotsedwa mopanda chilungamo. Wosiya yekha mwa kufuna kwake salandira. Wochotsedwa mwachilungamo chifukwa cha khalidwe salandira. Wopuma chifukwa cha ukalamba amapita ku penshoni. Choncho amene anati severance inatha analakwitsa, ndipo amene anati zaka zambiri zimabala severance zokha analakwitsanso.

Kawerengedwe kake kamakwera ngati masitepe. Zaka zisanu zoyambirira, chaka chilichonse chathunthu ndi malipiro a masabata awiri. Kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, masabata atatu. Kuyambira cha 11, masabata anayi. Tiyerekeze kuti mlonda uja ankalandira K130,000 pamwezi. Tikachulukitsa ndi miyezi 12 n'kugawa ndi masabata 52, pasabata ndi K30,000. Zaka zisanu zoyamba zikupereka masabata 10, zisanu zotsatira masabata 15, ziwiri zomaliza masabata 8. Onse pamodzi masabata 33, ndiye kuti K990,000. Malipiro omwe amagwiritsidwa ntchito ndi a nthawi yochoka, osati omwe munayambira. Amene sanakwanitse chaka alibe severance.

Wachinayi ndi penshoni, ndipo uwu ndi wosiyana ndi yonse chifukwa ndalamayo siili m'manja mwa abwana. Mwezi uliwonse wantchito amadulidwa zosachepera 5 peresenti, abwana n'kuwonjezera zosachepera 10 peresenti, zonse n'kupita ku kampani yosunga penshoni yomwe imayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Zili ngati banki m'khonde imene abwana amakusonkherani kawiri pa zomwe mwasonkha inu, kungoti bokosi lake silitsegulidwa mu December. Ndalama imeneyi ndi yanu kaya mwasiya nokha, kaya mwachotsedwa chifukwa cha mlandu, ndipo mukapeza ntchito ina imakutsatirani. Vuto lomwe limadziwika ndi la olemba ntchito odula pa peyisilipu koma osatumiza, pomwe lamulo limawapatsa masiku 14 mwezi ukatha. Njira yodziwira ndi kupempha sitetimenti ku kampani ya penshoniyo mukadali pantchito, osadikira tsiku lochoka. Lamulo la 2023 linafupikitsa nthawi yodikira kwa munthu amene ali pa ulova asanatapeko, kuchoka pa miyezi isanu ndi umodzi kufika pa itatu, ngakhale kuti kawirikawiri si zonse zomwe zimatuluka nthawi imeneyo. Antchito omwe lamulo la penshoni linawapatula ali ndi gratuity m'malo mwake, yomwe ndi 5 peresenti ya malipiro a mwezi uliwonse womwe anagwira.

Wachisanu ndi chipukuta misozi, ndipo uwu umavundukulidwa ndi khoti likapeza kuti kuchotsako kunali kopanda chilungamo. Khoti likhoza kulamula kuti munthu abwerere pa ntchito yake, kapena apatsidwe ina yofanana nayo, kapena alipidwe. Kubwerera sikuchitika kawirikawiri, poti pofika tsiku la chigamulo anthu amakhala atadana kale. Gawo 63 linaika mlingo wotsikitsitsa: malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene sanapitirire zaka zisanu, masabata awiri kwa wa zaka zopitirira zisanu mpaka 10, masabata atatu mpaka zaka 15, ndi mwezi wathunthu pa chaka chilichonse kwa wopitirira 15. Khoti likhoza kupereka zoposa apa poona zomwe munthu wataya. Limaonanso ngati wantchito anaputa yekha nkhaniyo, komanso ngati anayesetsa kufuna ntchito ina. Amene anabadi koma sanamvedwe akhoza kupambana mlandu n'kutuluka ndi zochepa.

Kokadandaula

Timati mlandu suwola, koma wa ntchito umafuna changu. Gawo 62 limapereka miyezi itatu kuchokera tsiku lochotsedwa kuti munthu akadandaule kwa mkulu wa ofesi ya za ntchito ya m'boma lake, kumene timati ku leba. Mkuluyu si woweruza. Ntchito yake ndi kuitana mbali zonse ziwiri, kuwerengera zomwe lamulo limanena, ndi kuyesa kuyanjanitsa. Nkhani zambiri za notisi ndi livi zimathera pomwepo. Zikakanika mwezi n'kutha, nkhani imapita ku IRC, yomwe ili kuno ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu.

Kale pa milandu yambiri wapampando wa khotili ankakhala ndi anthu awiri, woyimira antchito ndi woyimira olemba ntchito, ndipo mmodzi akapanda kubwera mlandu unkaima. Kusintha kwa 2021 kunachotsa dongosolo limeneli pofuna kuti milandu iziyenda msanga. Wosakhutira ndi chigamulo akhoza kukachita apilo ku High Court, kuno ndi ku Chichiri, pasanathe masiku 30, koma pa mfundo za malamulo kapena za mphamvu za khotilo, osati kukayambiranso umboni. Wopanda ndalama za loya akhoza kukagogoda ku Legal Aid Bureau.

Popita ku leba nyamulani chilichonse chosonyeza kuti munkagwira pamenepo komanso kuyambira liti: chitupa cha kuntchito, mapeyisilipu, makalata, mauthenga a pa WhatsApp okuuzani shifiti, ngakhale mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza malipiro akulowa mwezi ndi mwezi kuchokera ku nambala imodzi. Ndipo mukapatsidwa pepala loti musaine polandira ndalama zomaliza, liwerengeni kaye. Ena amalembamo kuti mwalandira zonse ndipo simudzafunsanso kanthu. Olemba ntchito nawo, makamaka a mabizinesi ang'onoang'ono ndi a m'makomo, chowateteza ndi mapepala omwewo: kaundula wa malipiro wosainidwa, makalata ochenjeza, ndi zolemba za hearing.

Nanga mlonda uja? Yankho lagona pa zomwe zinanenedwa m'mawa umenewo pageti. Ngati kampani inataya malo omwe ankalondera ndipo inalibe kwina komuika, kumeneko ndi kuchepetsa antchito: alandire za masiku ogwira, livi, notisi, severance ya masabata 33, ndipo penshoni yake ili pomwe ili. Ngati anagwidwa akutulutsa katundu, anaitanidwa, anamvedwa, umboni n'kumugwira, ndiye kuti severance ndi notisi palibe, koma za masiku ogwira, livi ndi penshoni ndi zake. Ngati anangouzidwa kuti asabwerenso, popanda chifukwa kapena popanda kumvedwa, miphika yonse isanu ikhoza kuvundukulidwa, pepala la kontirakiti likhalepo kapena ayi. Mlamu wake uja anatsikira pa Ginnery Corner ndisanamufunse kuti zinachitika mwezi uti, chifukwa miyezi itatu ija inayamba kuwerengedwa m'mawa womwewo.